Utsi Wonunkhira Vitumbuwa

Lachitatu, mwezi wa Juni.

Ndadzuka mutu ukulemera, m'kamwa mukuwawa, m'chipinda muli fungo la vitumbuwa. Chichitikireni maliro a atate, palibe wakazingapo chilichonse m'nyumba muno. Ndinagona kaye chete, kudikira kuti ndimve atate akutsokomola kuseri kwa chitseko.

Asanabwere ku Lusaka, atate ankagwira ntchito m'chipinda cha injini m'sitima zapamadzi ku Mpulungu. Ankati m'menemo munthu ukamina, mamina ankatuluka akuda bii. Chifuwa chawo chinayambira kumeneko, ndipo sichinawasiye. Pomwe ankapeza ntchito ya umakaniko ku Heavy Industrial Area, dizilo anali atadana naye kale. Loweruka ankazungulira kwa azimayi okazinga tchipisi kumsika wa Soweto, kutolera mafuta otha ntchito. Ankawasefa pansalu, kuwasakaniza ndi mankhwala awo, n'kuwasiya akhazikike m'zigubu kuseri kwa nyumba yathu ku Chelstone. Jenereta yathu yakale ya dizilo imayendera mafuta amenewo. Utsi wake si wakuda. Ana a m'nyumba zoyandikana ankabwera pageti kudzafunsa ngati tayamba kugulitsa vitumbuwa, atate n'kumaseka mpaka chifuwa chiwagwire.

Anatisiyira zigubu zingapo. Magetsi akathima, amayi amayatsa jenereta kuti nkhuku zogulitsa zisawonongeke mufiriji. Kale jeneretayo inkakhala panja. Mwezi watha akuba anatenga ya anzathu a kuseri, ndiye amayi anailowetsa m'kanjira ka pakati pa khitchini ndi zipinda zogona, n'kumatseka zitseko.

Lero m'kalasi ya sayansi ndinafunsa aphunzitsi ngati utsi wa mafuta ophikira ungadwalitse munthu. Anzanga anaseka. Aphunzitsi sanaseke. Anati mwaye wake umachepadi poyerekeza ndi wa dizilo, koma injini iliyonse imatulutsanso mpweya wina wopanda fungo, umene m'nyumba yotseka umagoneka munthu tulo tosadzukanso. Anandiyang'anitsitsa. Ine ndinayang'ana pansi.

Nditafika kunyumba masana, jenereta inali ikulira. Ndinagogoda, zii. Ndinazungulira ku khitchini, ndinakankha chitseko, ndipo ndinapeza amayi atakhala pansi pafupi ndi jenereta, atatsamira khoma, maso atatseka. Ndinaithimitsa, ndinatsegula mazenera onse, ndinawagwedeza phewa. Anatenga nthawi kuti atsegule maso. Nthawi imeneyo sindikufuna kuikumbukira.

“Ba mayo, tiitulutse panja.”

“Kuti akuba avine? Yatsa, nkhuku zanga zisungunuka.”

“Mutu ukundipweteka tsiku lililonse. Inunso onani maso anu.”

“Ndi mabuku akowo, madamu dokotala,” anatero amayi, akuyesa kuimirira. “Wapoizoni ndi dizilo. Ndiye anatenga atate ako. Awa ndi mafuta a chakudya. Unamvapo munthu wafa ndi fungo la tchipisi?”

“Aphunzitsi akuti…”

“Aphunzitsi akowo anakwerapo sitima?”

Amayi anagwira khoma, anapuma pang'ono, kenako analankhula motsitsa, osandiyang'ana.

“Ikamalira, m'nyumba muno mumakhala ngati alimo. Ukufuna ndiwatulutsenso kachiwiri?”

Ndinalowa kuchipinda. Chimene chikundiopsa n'chakuti nanenso ndimamva choncho. Fungo lija likalowa pansi pa chitseko, ndimaona ovololo yawo yamafuta, ndimamva akuimba kanyimbo ka Chibemba kwinaku akupukuta manja. Nthawi zina ndimapuma mwamphamvu dala kuti asachoke msanga. Koma atate anapanga mafuta amenewa pofuna kuti ife tisadzatsokomole ngati iwo, ndipo sanalizepo injini m'nyumba ngakhale mvula igwe bwanji. Amayi akudziwa zimenezi. Kungoti sakufuna kuzikumbukira.

Magetsi ayaka madzulo ano, ndiye lero tapulumuka. Mawa adzathimanso. Ndachotsa kiyi wa jenereta, ndamuika m'thumba la yunifomu. Ndikaweruka kusukulu ndikakwera minibasi ya ku Kabwata, kwa ba yama, mlongo wawo wamkulu wa amayi, amene amawotcherera zitsulo. Ndikawauza zonse, ndi mmene ndinawapezera amayi pansi paja, kuti abwere adzamange khola lachitsulo panja pakhoma, la loko. Amayi sangakane mawu a ba yama. Adzandikwiyira kuti ndatulutsa nkhani za m'nyumba, mwina masiku ambiri osandilankhula. Akwiye, bola azidzuka m'mawa.