Mbereko M'pampu ya Boti

Boti limene mzungu wa kumunda wa tiyi anasiya pothawa silinali ngati maboti ena. Linkayamwa madzi kunsi kwake n'kuwalavula kumbuyo, ndipo bambo a mwana wanga okha ndiwo ankadziwa kulikonza. Asilikali analitenga kuti azilondera nalo mtsinje wa Ruo, poti kuwolokera ku Malawi popanda chilolezo unali mlandu, ndipo ogwidwa sankabwerako.

Tsiku lina ndinawoloka mobisa kukafunira mwana mankhwala a malungo. Pobwerera madzi anandilanda mbereko, ija ya maluwa ofiira imene mudzi wonse unkaidziwa.

M'mawa mwake injini inkangolira, boti osayenda. Asilikali anawaitana bambo aja, ine n'kuwatsatira, mwana nditamubereka ndi malaya akale a bambo ake. Bambowo anazimitsa injini, n'kulowa m'madzi mpaka m'khosi, n'kupisa dzanja pa zitsulo zotchinga kukamwa kwa pampu. Anatulutsa udzu, kenako timiyala. Kenako ndinaona chinthu chofiira chikuvinavina pansi pa madzi.

"Chatseka n'chiyani, kamarada?" anafunsa wamkulu wa asilikali.

"Zinyalala basi, ashefi," anayankha bambowo, uku akuchipondereza m'matope ndi phazi.

Atalizanso injini, madzi anatumphuka kumbuyo, boti n'kugwedezeka. Koma wamkulu uja sanakwere msanga. Anakhala akuyang'ana malaya a kumsana kwangawo.

"Mayi, mbereko yanu yofiira ija mwaichapa lero?"

Ndinavomera. Iye anati mawa adutsa kwathu, adzaione itauma.