Payi wa Alamu Anga a ku Joni

Chaka chimene alamu anga, achemwali a bambo akunyumba kwanga, anabwera kudzadyera Khirisimasi kuno ku Nkhata Bay, mandasi analetsedwa m'nyumba mwathu. Iwo anali atagwira ntchito zaka zambiri m'makhitchini a mabwana ku Joni. Atangotsika minibasi ya ku Mzuzu analengeza kuti chaka chino tidya payi.

Ine payi ndinkangomuona m'galasi la sitolo. Nditafunsa kapangidwe kake, anandiyang'ana mwachifundo.

"Mlamu, zam'kati aliyense angathe. Luso lili pa chigoba chakunja. Chimafuna batala wozizira, madzi ozizira ndi manja ozizira."

Ankanena izi akupukuta thukuta m'khosi. Mvula inkangoopseza osagwa, ndipo magetsi anali atazima kuyambira m'mawa.

Tinatuma bambo akunyumba kumsika kukagula batala. Anabwerako akumwetulira, atanyamula nsomba ziwiri zonenepa. Kuno ukati batala, aliyense amamva kuti ukunena nsomba ija yamafuta.

"Achimwene, izi n'chiyani?" anafunsa alamu.

"Batala. Walero lomwe, taonani maso ake."

"Ndati wopaka pabuledi!"

"Ndiye mukanati majarini," anatero bambowo, n'kubwereranso padzuwa lija.

Majariniyo anafika atasungunuka kale. Alamu anakapempha ayezi kwa mayi wina wogulitsa nsomba, n'kukhazika mbale ya ufa wa tirigu pamwamba pake. Ayeziyo ankanunkha usipa. Ine anandiletsa kukhudza chilichonse, ati manja anga ndi otentha, anazolowera kuphika nsima ya kondowole. Ntchito yanga inali kuwakupiza ndi chivindikiro cha poto.

Anafikisa majarini mu ufa ndi nsonga za zala, akundichenjeza kuti ufa wa payi sukandidwa ngati wa mandasi. Kenako anayamba kuupyapyalitsa ndi botolo. Unamatirira kubotolo. Anawonjezera ufa, unang'ambika. Anathira madzi, unamatiriranso. Pamapeto pake ndinawaona akuukanda ndi zibakera zonse ziwiri, mano atawaluma. M'kati anaikamo mango, poti maapozi akanafunika ulendo wa ku Mzuzu. Magetsi sanayake, choncho payi wa ku Joni anapsera m'poto pambaula, makala ena pamwamba, momwe timaphikira chigumu.

Pa Khirisimasipo, titaweruka kutchalitchi, kunabwera mkulu wa mpingo amene kale anagwirako kumigodi, ndi mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito pamodzi ndi akazi awo. Pofuna kudula payi uja, mpeni wa buledi unakanika kulowa. Bambo akunyumba anatenga wotumbulira nsomba, n'kutsamirapo ndi thupi lonse. Aliyense analandira gawo lake, ndipo m'nyumba munangomveka kukukuta.

Mkulu wa mpingo anameza movutika, maso atanyowa, n'kunena kuti, "Eya, ameneyu ndiye payi. Ku Joni tinkadya wotere."

Aphunzitsi sakanalola kutsalira. Anafotokoza kuti payi wabwino amadziwika ndi kulimba, pakuti amapangidwira nyengo yozizira. Akazi awo, amene ankaviika chidutswa chawo mu tiyi mobisa, anayamikira kafungo kena kakutali ndipo anafunsa ngati zokometserazo zimapezeka kuno.

Ndikutsuka makapu, alamu anandipeza kukhitchini.

"Mlamu, walephereka," anandinong'oneza. "Abwana anga akanaponyera galu."

Atatero anakonza duku, n'kubwerera kwa alendo kukalandira mayamiko otsala.

Mbiri inafalikira. Khirisimasi yotsatira, alamu ali kwawo ku Joni, amayi a kumpingo kwathu anapikisana kuphika mapayi, ndipo aliyense ankanyadira kuti wake ndi wolimba kuposa wa mnzake.

Ine ndinaphunzira mwakachetechete, m'miyezi yozizira, masiku amene magetsi analipo. Ndinalakwitsa kangapo mpaka ndinatulutsa payi wa chigoba chofewa, chongosungunuka m'kamwa. Ndinapita naye ku chisangalalo cha kumpingo mtima uli m'mwamba. Akazi a aphunzitsi aja analawa, kenako anandikokera pambali kuti ndisachite manyazi pagulu.

"Ama, mwayesetsa ndithu, koma sanapse. Payi weniweni sanyenyeka chonchi. Muwaimbire alamu anu akuthandizeni."

Ndinangothokoza kuti yewo. Ndinamuvindikira, n'kubwerera naye kunyumba, ndipo ana anga anamumaliza asanavule n'komwe nsapato.