Ndinkagwedezela Mutu Munthu Wosaona

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwili pamene atate anandichotsa kwathu ku Nyimba n'kupita nane ku Petauke. Pa mayeso oyeselela a giledi twelofu ndinali nditakhoza zonse kupatula masamu, ndipo popanda masamu koleji ya unamwino sikanandilandila. Atate sanali munthu wa mau ambili. "Ukalephela, khasu lako lilipo," anatelo, n'kukwela minibasi yobwelela.

Anandisiya kwa amai aang'ono, amene ankagulitsa salaula, zovala zogwilitsidwa kale nchito, pamsika kuyambila m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Inali nyengo ya tchuthi, ya mphepo ndi fumbi. M'nyumbamo ndinkatsala ndekha, ndipo m'tauni yonseyo munalibe wondidziwa dzina. Zimene ndikanauza mnzanga ndinkangozilemba m'kabuku kanga, monga ndinazolowela kuyambila ndili wamng'ono.

Tyushoni, maphunzilo apadela a masamu, ndinkapita kwa amai Daka, aphunzitsi opuma pa nchito. Maso ao anali atachita ng'ala, moti ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima, koma masamu onse anali m'mutu mwao. Iwo ankakhala pampando pakhonde, ine pamphasa, miyendo nditapinda. Ankanena samu pamtima, n'kuifotokoza pang'onopang'ono, chala chikulemba m'mwamba. Akamaliza ankafunsa, "Wamva, Mailesi?"

Ndinkagwedeza mutu. Ndikakumbukila kuti saona, ndinkanong'ona, "Inde, amai."

Koma ndinali ndisanamve. Kwathu tinaleledwa kuti wamkulu akalankhula umayang'ana pansi n'kuvomela. Kumuuza kuti sunamve kunali ngati kumunena kuti sadziwa kulankhula. Kusukulu ulemu umenewu unkandibisa bwino pakati pa anzanga ambili. Apa tinali awili basi. Akandiuza kuti ndiwelenge yankho langa, ndinkachula nambala yolakwika. Akafunsa kuti ndasokela pati, ndinkangokanda mphasa ndi chikhadabo.

Tsiku lina amai aang'ono anadutsila kumeneko pochokela kumsika. Ndinaima kuseli kwa mpanda, ndipo zonse ndinazimva.

"Mwana wanu ndi waulemu," anatelo amai Daka, "koma ine sindidziwa ngati ndikuphunzitsa munthu kapena mphasa. Mailo abwele komaliza. Zikakhala zomwezi, mumubweze ku Nyimba."

M'mawa mwake ndinafika, ndinagwada, ndinapeleka moni. Anayankha bwino, kenaka anaika manja pamiyendo n'kukhala chete. Ndinatsegula kope n'kudikila samu. Sinabwele. Chigayo chinkalila kutali. Mphepo inkakankha masamba ouma a mango pabwalo, ndipo wanjinga wina anadutsa akuliza belu. Mthunzi wa khonde unayamba kuchepa mpaka dzuwa linafika pa zala za kumapazi kwanga. Amai Daka anangoyang'ana kutsogolo ndi maso ao otuwawo, osatsokomola n'komwe.

Ndinaganiza za munda wa atate wa thonje, ndi minibasi ya ku Nyimba. Mau ndinali nao, koma anali ozolowela kutulukila ku cholembela.

"Amai."

"Ndili pano."

"Sindinamve."

"Pati?"

"Kuyambila tsiku loyamba."

Ndinayembekezela kukalipilidwa. M'malo mwake anaseka mpaka kudzimenya panchafu. "Ehee! Kani pamphasapo pali munthu! Ine masabata onsewa ndimati ndikulalikila nkhuku. Sendela kuno, mwanawe."

Ndinasendela. Anagwila dzanja langa n'kuliika pa nsonga ya chitenje chao. "Pakamwa pakalemela, koka apa. Ukangosokela, koka. Chikang'ambika tidzasoka."

Tinayambila pachiyambi. Tsiku limenelo ndinakoka chitenjecho mpaka anati ndiwavula pamaso pa anthu odutsa. Masiku otsatila ndinkakoka n'kulankhula pamodzi, ndipo sukulu isanatsegulidwe dzanja linali litabwelela pakope, pakamwa pokha pakugwila nchito. Masamu ndinakhoza. Sikunali kukhoza kodzitama nako, koma kunakwana, ndipo koleji inandilandila.

Lelo ndine namwino. Ndikafotokozela mai wodwala kamwedwe ka mankhwala, iye n'kuyang'ana pansi n'kuti "inde, asisita," sindifulumila kuitana wotsatila. Ndimakhala naye kaye.

Koma chimene ndachedwa kuchizindikila ndi china. Nthawi yonse ija ndinkadziona kuti wosungulumwa pakhondepo ndinali ine, mlendo wopanda mnzake. Sindinaganizepo za amai Daka. Iwo ankakhala mumdima tsiku lonse, ndipo m'mawa uliwonse ankatulutsa zonse zimene ankadziwa, osamva ngati zagwela pa munthu. Ine ndinkati ndikuwapatsa ulemu, pamene ndinkawasiya okha.