Khoma la amayi ndi simenti yanga

Chaka chimene fodya wathu anabwezedwa ku okushoni, ndinauza amayi kuti ndikupita ku Joni. Ndinawapeza pakhonde akuzira khoma, manja ali dothi lokhalokha. Ku Lisasadzi konse kunalibe mzimayi wowaposa pa ntchito imeneyo: pansi makande akuda, pakati katondo, pamwamba timizere ta phulusa. Ine zinkandichititsa manyazi. Ndinkati uku n'kuudzoza mafuta umphawi.

Ku Joni ndinapeza ntchito ya m'nyumba kwa mayi wina wachizungu, wojambula, yemwe ankakonza zokongoletsa pamakoma a nyumba zakale. Ndinkagona m'kachipinda kakuseri, ndipo sabata inkatha osayankhula Chichewa ndi munthu. Ndalama zoyamba kusunga ndinatumiza kwa mlongo wanga Yohane, ndi uthenga umodzi wokha: apake simenti nyumba ya amayi, mkati ndi kunja.

Tsiku lina ndikupukuta patebulo ndinaona pepala lodzaza tizigamba ta penti. Madamu anati mitunduyo anaikopera pakhoma lakalekale la kwawo kwa azungu, koma penapake sizinkawakhalira bwino. Ndinaliyang'ana pepalalo mpaka kuiwala kansalu m'manja. Chakuda pansi, chofiira pakati, mizere yoyera pamwamba.

"Chakudachi amachiika pansi kuti chibise matope a mvula ndi manja a ana," ndinatero. "Koma chofiirachi mwachisalaza kwambiri. Eni ake ankapaka khoma likadali lonyowa. Likamauma, pena limatuwa, pena limapsa."

Madamu anavula magalasi. "Anakuphunzitsa ndani zimenezi?"

Ndinati amayi anga. Atandipempha chithunzi cha khoma la amayiwo, ndinakumbukira simenti ija. Ndinathamangira kuseri n'kuimbira Yohane.

"Mwachedwa, achemwali," anatero mosangalala. "Tinamaliza mwezi watha. Nyumba ikuoneka ngati ya aphunzitsi."

Tsiku limenelo ndinalira ndekha, ndipo chithunzicho ndinanama kuti chikubwera.

Ndinabwerera kumudzi patatha zaka zitatu. Nyumba ndinaipeza yotuwa mbali zonse, amayi atakhala pakhonde, manja ali oyera ngati a mlendo. Anthu anabwera kudzandiyamikira, ena mpaka kusisita khomalo. Atabalalika, ndinawapempha amayi kuti mawa tipite kudambo kukakumba makande, andiphunzitse kuzira.

"Pakhoma liti?" anandifunsa, osakwiya. "Ndinayesa kawiri konse. Simenti sigwira dothi, limangoyoyoka likauma. Ngakhale anzanga anasiya kudzanditenga kuti ndikawazirire. Akuti ine ndakwera, sindingagwirenso matope."

Ndinafuna kupepesa, koma iwo anandigwira dzanja, n'kulisisita ngati ndine ndapwetekedwa.

"Usadandaule, mwanangu," anatero. "Mudzi wonse ukuti ine ndinabereka."