Makapisozi a Mayi Ndinamwetsa Nkhuku

Lachiwiri ndinaperekeza mayi a kunyumba kuchipatala. Chimfine chawo chinali chitatsikira m'chifuwa, akupuma mobanika. Adokotala, mayi wa ku Rumphi wosakonda kuseka, anati ndi chibayo. Kenako anafunsa za makapisozi amene anawapatsa mwezi watha chifuwacho chitangoyamba.

"Munamaliza?"

"Ndinamwa masiku awiri, n'kupeza bwino," anatero mayi a kunyumba. "Otsalawo afunseni abambowa."

Ndinanena zoona. Kwathu ku Chiosya kunadutsa chitopa, ndiye ndinatsegula makapisozi aja n'kuthira m'madzi a nkhuku. Nkhukuzo zinafa zonse, koma zinafa zitalandira chithandizo.

Adokotala sanaseke. Anatenga pepala n'kujambula kanthu kobulungira, pambali pake kabowo.

"Aka ndi kachilombo ka chimfine. Kakalowa m'thupi, kamadalira kabowo aka kuti katseguke ndi kuyamba kuswana. Kunja kuli mankhwala amene ankatseka kabowoka ngati chitsononkho pakamwa pa chigubu. Kachilombo kanasintha kabowo pang'ono chabe, basi chitsononkho sichikwananso. Akuti kumeneko ena ankamwetsanso nkhuku mankhwalawo."

Mtima unakhalako pansi kumva kuti uchitsiru wanga uli ndi abale kutsidya la nyanja.

"Makapisozi anu aja sapha chimfine, sapha chitopa," anapitiriza. "Amapha tizilombo ta chibayo. Mukasiyira panjira, tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana."

Inu owerenga, musandiyang'ane choncho. Ndani alibe kachitini ka mapilitsi otsala pamwamba pa kabati? Timapatsana ngati mchere. Mnzako akatsokomola pamaliro, umapisa m'thumba: "Imwani awiri awa, ine anandithandiza." Dzina la mankhwala sitilidziwa. Timangodziwa kuti ndi ofiira uku, achikasu uku.

Kupatsa n'kuika, inde. Koma tikuika chiyani?

Mayi anawagoneka. Mankhwala oyamba sanagwire, dzulo anawayamba jakisoni. Ndikulemba izi pa benchi kunja kwa wodi, ndipo ndisakunamizeni, ndili ndi mantha. Munthu ameneyu ndakhala naye kuyambira nthawi ya chipani chimodzi, ndipo sindidziwa ngakhale kumene amasunga mbewu ya mtedza.

M'mawa uno ndinawaimitsa adokotala pakhonde. Ndinafunsa kuti jakisoniyu akakanika, wotsatira ndi uti.

Anatseka faelo imene inali m'manja mwawo.

"Abambo," anatero, "m'sitolo yathu ya mankhwala wotsatira mulibe."