Sopo wa Mayi Thovu

Inu amene mukuti mavuto akusanjikizanirani, khalani pansi ndikuuzeni za Mayi Thovu.

Tsiku limene alamu awo anabwera, anawapeza atakhala pamgolo wopanda kanthu m'shedi yopangira sopo. Amuna awo anali atapita ndi mliri uja. Misozi isanaume, nkhondo yakutali inaimitsa sitima zobweretsa mafuta a sopo. Kenaka madzi osefukira anakokolola mlatho, ndipo ngakhale mafuta ochepa otsala kudoko sanafikenso.

Pawailesi akatswiri ankatsutsana za mmene angayezere ngati chuma cha dziko chipirire zonsezi. Mayi Thovu ankayezera pasiketi ya mwana wawo wamkazi, imene inali itayamba kutsetsereka m'chiuno.

Alamu aja, mlongo wa malemu, nawonso anaiona siketiyo.

“Mwana wa mchimwene wanga sangawonde chonchi ine ndikuona. Sukulu ikatsekera ndibwera ndi chikwama, akakhale kwanga.”

Sanali munthu woipa ayi, ndipo n'chimene chinkaopsa kwambiri. Mayi Thovu anachita mantha, poti mwanayo ndi yekhayo amene anawatsalira.

M'mawa mwake anatenga zigubu n'kuyamba kupempha mafuta otha ntchito kwa anthu okazinga zakudya m'mbali mwa msewu. Ena ankawaseka, amvekere mayi ayamba kumwa mafuta. Iwo ankangosefa pansalu, kusakaniza ndi soda uja wootcha khungu, n'kuthira m'zikombole.

Koma mantha ndi mlangizi woipa, abale anga. Sopo amafuna agone milungu ingapo kuti ukali wa soda uthe. Iwo, poona masiku akutha, anamugulitsa ali wamuwisi. Mayi wina wochapira anthu zovala anatuluka matuza manja onse, ndipo msika wonse unamva dzuwa lisanapendeke. Kuthamanga sikufika.

Anapita kukagwada kwa wochapa uja, n'kumuchapira zovala za makasitomala ake mpaka manja atapola. Kenaka anaumba sopo wina, n'kulumbira kuti uyu yekha amudikira.

Kudikirako kunali kowawa. Malemu anawaphunzitsa kuti sopo amamuyesa ndi nsonga ya lilime: akakubaya ngati singano, sanapse. M'mawa uliwonse ankalowa m'shedi mtima uli m'mwamba, kunyambita, singano ija n'kuwabaya. Mwana anayamba mayeso otsekera, singano ikadalipo. Mayi Thovu akamva galimoto ikuima panja, ankaganiza kuti ndi alamu.

Tsiku lotsekera sukulu lilime silinamve kanthu koma kuwawa wamba kwa sopo.

Kumsika palibe anayandikira tebulo lawo. Ndani akufuna matuza? Pamenepo anatunga madzi m'beseni, kunyambita sopoyo anthu akuona, kenaka kudzipaka thovu nkhope yonse. Akanangotuluka kachiphuphu kamodzi, zonse zikanathera pomwepo. Anaima choncho, thovu likuuma padzuwa, anthu atawazinga.

Atasukusula, nkhope inali bwinobwino. Wochapa uja ndiye anayamba kutambasula dzanja lake la zipsera n'kutenga mtanda umodzi. Ena anatsatira.

Mayi Thovu atatukula maso anaona alamu ataima kumbuyo kwa gululo, chikwama chili m'manja. Alamuwo anadikira anthu achepe, anatola sopo, kumununkhiza, n'kufunsa kuti nanga sitima zikapanda kubweranso zidzatha bwanji. Mayi Thovu anayankha kuti malinga anthu akukazinga mumsewu muno, mafuta sadzasowa.

Alamu anatsekula chikwama chija.

“Dzazani muno, mlamu. Kwathu sopo akusowa, ndikakugulitsirani. Mwanayo akhale ndi mayi ake.”

Mlatho anaumanganso, sitima zinayambanso kufika, koma Mayi Thovu sanasiye zigubu zawo. Lero shedi ija ili ndi amayi ena owathandiza, wochapa uja ali m'gulu. Mavuto ena anabweranso, poti sasowa, ndipo mphika wa sopo sunazime. Akamva akatswiri aja pawailesi amaseka, amvekere sopo samuyamikira ali pashelefu, amamuona akalowa m'madzi.

Mwana uja siketi anachita kuifutukula kawiri.

Inu amene lilime likukubayanibe m'mawa uliwonse, musagulitse sopo wamuwisi chifukwa cha mantha, ndipo musathawe m'shedimo. Chikwama chimene mukuchiopacho mwina chidzatuluka chitanyamula katundu wanu. Osataya mtima, mawa mukanyambitenso.