Yesi ndi No wa Chabwino

Dzina lakuti Chabwino sanabadwe nalo, anachita kuligwirira ntchito. Kuyambira ali kamtsikana, mawu oyamba kutuluka pakamwa pake anali omwewo. Mpatse mnzako nsapatozo, chabwino. Tsala pakhomo anzako akukasewera, chabwino. Tsiku lina aphunzitsi anamugwaditsa chifukwa cha phokoso la wina, iye anangoti chabwino n'kugwada, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka ukulu wake. Anthu ankamuyamikira kuti ndi wofatsa, koma tinene zoona, oyamikirawo ndi omwe ankapindula ndi kufatsako.

Mayeso a sekondale anakhoza bwino, makamaka phunziro la za thupi la munthu. Chaka chomwecho bambo ake anafa ziwalo mbali imodzi. Pamsonkhano wa banja, funso lakuti awadwazika ndani lisanathe n'komwe, maso onse anali atafika kale pa iye. Anawadwazika zaka zambiri: kuwatembenuza, kuwasambitsa, kutsuka zilonda zakumsana, kuwanyengerera mankhwala amene ankawabisa kunsi kwa lilime. Akagonekedwa kuchipatala, iye ankakhala pambali pa bedi n'kumayang'anitsitsa manja a anamwino, mmene ankapezera mtsempha, mmene ankamangira bandeji. Ankawasirira, ndipo pang'ono ndi pang'ono kusirirako kunasanduka khumbo lenileni. Sanauze munthu, chifukwa panalibe amene anamufunsa.

Bambo atamwalira, achimwene ake aakulu anamutengera kwawo kuti akapumeko. Kupumako kunali kuphika, kukolopa, kuperekeza ana awiri kusukulu, ndi kusita malaya oyera amene achimwene ankavala kuntchito. Iwo anali mphunzitsi wa galimoto, munthu wokhulupirira kuti palibe vuto pansi pano limene silingafotokozedwe ndi giya ndi buleki. Analinso ndi Chingerezi chawo chimene ankachisunga ngati suti ya ukwati. Ankachitulutsa akakwiya, akamapemphera pagulu, ndiponso akamakana kubwereketsa galimoto.

Akazi awo, alamu ake a Chabwino, ankasoka makatani mumsika. Chingerezi chawo chinali chongokwanira kunenerera mitengo, koma maso anali nawo. Iwowa ndi amene tsiku lina anabwera ndi foni kukhitchini.

“Alamu, taonani izi. Sukulu ya unamwino yakunja ikufuna ophunzira ochokera m'mayiko ena, ndipo akuti imawalipirira. Mufera pa simbi yomweyi? Lembani.”

Chabwino anati chabwino, koma ulendo uno ankafunadi.

Achimwene anaigwira nkhaniyo ndi manja awiri. Zinkawakomera kuuza ophunzira awo, uku akuwakuwira kuti aponde kilatchi, kuti mlongo wawo akupita kunja. Mumtima ankadziwa, kapena ankaganiza kuti akudziwa, kuti zinthu zotere zimangothera m'kamwa. Choncho anathandiza ndi mtima wonse. Anakajambulitsa masatifiketi, anam'perekeza kokajambulitsa chithunzi cha pasipoti, n'kukangana ndi wojambula pa nkhani yakuti makutu aoneke onse awiri. Mayeso a Chingerezi Chabwino anakhoza, popeza cholembera sichichita manyazi. Kenako unabwera uthenga wakuti akufuna kucheza naye pa kompyuta, maso ndi maso.

“Tamvera iwe,” anatero achimwene atamukhazika pabalaza. “Intavyu ili ngati mayeso a galimoto. Woyesa akati khota, umakhota. Anthu akunja safuna wamakani. Uzimwetulira, uzivomera, ndipo usamachulutse zonena. Yesi ndi giya wani, sazimitsa galimoto.”

Kuphunzitsa Chabwino kuvomera kunali ngati kuphunzitsa nsomba kusambira, koma iye anamvetsera mwaulemu.

Tsikulo litafika, pabalaza panasanduka ofesi. Laputopu yobwereka anaiika pathebulo lositirapo zovala, chifukwa ndi lokhalo limene linkatheka kukweza kuti lifanane ndi nkhope. Kumbuyo anapachika nsalu yoyera ya pabedi kuti ibise kabati ya mbale. Ana anawatumiza kwa aneba. Achimwene anapempha tchuthi cham'mawa, n'kuvala tayi ngakhale kuti panalibe woti awaone, kenako anakhala pakampando kuseri kwa laputopu kuti azipereka zizindikiro ngati wapolisi wa pamsewu. Alamu anaima pakhomo la kukhitchini, kansalu kopukutira mbale kali m'manja.

Pagalasi panaoneka anthu awiri: mayi wa imvi wovala magalasi, ndi bambo wa dazi amene ankalemba. Mafunso oyamba anayenda bwino. Dzina, zaka, maphunziro. Chabwino ankayankha mwachidule. Kenako mayi uja anatsegula tsamba lina n'kufunsa m'Chingerezi chothamanga:

“Ntchito yochezera simuiopa?”

Chabwino sankaiopa. Anali atachezera ndi bambo ake zaka zonse zija.

“Yesi,” anatero.

Apa ndi pamene panagona nkhani. M'chinenero chathu, munthu akakufunsa kuti sunadye, iwe usanadyedi, umati eee, chifukwa ukuvomereza zimene wanenazo. Chingerezi chimayenda chafutambuyo. Ngati sunadye umati no, ndipo ukati yesi ndiye kuti wadya mpaka wakhuta. Chabwino anaphunzirapo zimenezi kusukulu, koma mantha amabwezera munthu ku chinenero cha mayi ake.

Mayi wa magalasi anakweza nsidze pang'ono.

“Mukaona magazi simukomoka?”

“Yesi.”

“Simunamangidwepo ndi apolisi?”

“Yesi, madamu,” anatero Chabwino, n'kuwonjezerapo kumwetulira kumene anamuuza kuja.

Kuseri kwa laputopu achimwene anakweza zala zazikulu zonse ziwiri. Kwa iwo galimoto inali ikuyenda myaa. Bambo wa dazi anasiya kulemba.

“Mankhwala ozunguza bongo simugwiritsa ntchito?”

“Yesi, yesi!” anatsindika, popeza funso limeneli linamunyansa ndithu.

Mayi uja anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Kutsogolo kwake kunali mtsikana waulemu, womwetulira, amene m'kanthawi kochepa anali ataulula kuti amaopa mdima, amakomoka ndi magazi, anakhalako m'chitokosi ndipo amasuta zoletsedwa. Anafunsa mwapang'onopang'ono, mwachifundo ndithu:

“Ndiye kuti inu simukufuna kukhala namwino?”

Funso limenelo linamulasa Chabwino pamtima. Osafuna? Iye? Malangizo a giya wani anaiwalika. Kwa nthawi yoyamba chibadwire anakana chinthu pamaso pa munthu wamkulu, ndipo anakana mokweza:

“No!”

Iye ankati ayi, ndikufuna. Iwo anamva kuti safuna. Achimwene anatsala pang'ono kugwa pakampando, phazi lawo likuponda buleki yosaoneka pansi.

“Zikomo chifukwa chonena zoona,” anatero mayi uja, dzanja likupita kokatseka. “Si onse amene amalimba mtima chonchi.”

Chabwino anaona kuti madzi achita katondo, koma osadziwa kuti alakwira pati. Anayang'ana achimwene, iwo anangoti kukamwa yasa. Apo ndi pamene mawu anachokera pakhomo la kukhitchini, ndipo sanali onong'ona:

“Alamu, asiyeni a kilatchiwo! Auzeni za bambo!”

Ndiye Chabwino anawauza. Chingerezi chake chinkapunthwa n'kudzukanso, mawu ena akasowa ankalankhula ndi manja. Anafotokoza mmene ankawatembenuzira bambo kuti msana usaole, mmene tsiku lina anagwera n'kung'ambika pamphumi, magazi n'kudzaza thawulo, iye n'kuligwira mpaka kuchipatala osalisiya. Ananena za mankhwala obisidwa kunsi kwa lilime, ndi za m'mawa umene anawasambitsa komaliza. Misozi inabwera, sanaibise. Anati zimene anachitira bambo ake ndi manja osaphunzira akufuna azichitira ena ndi manja ophunzira.

Kenako bambo wa dazi anayamba kugwedezeka mapewa, n'kuphulika chikhakhali mpaka kugwetsa cholembera. Atapezako mpweya anauza mnzakeyo kuti mayi ake omubereka, amene anachokera dziko lina, ankayankha chimodzimodzi, ndipo anakhalapo pampando wa dokotala wa mano akuvomera kuti dzino silikuwawa mpaka dokotalayo analizula.

Mayi wa magalasi sanaseke kwambiri, koma anabwezera magalasi pamphuno.

“Tiyambirenso,” anatero. “Koma musandipatsenso yesi kapena no wopanda kanthu. Muzinena chiganizo chonse, kuti wofunsa asatsale ndi chokayikira. M'chipatala yesi wolakwika amapha munthu.”

Anayambiranso. Sindiopa ntchito yochezera. Sindikomoka ndi magazi. Apolisi ndimangowaona pamsewu. Laputopu itatsekedwa, achimwene anamasula tayi n'kunena kuti mwayi wake iwo analipo, kupanda apo zikanavuta.

Yankho linabwera mvula itayamba. Anamutenga. Achimwene anaimbira foni abale onse, ngakhale amene sankalankhulana nawo, ndipo madzulo amenewo anapemphera m'Chingerezi mpaka chakudya chinazizira.

Koma walira mvula walira matope. M'mawa wina Chabwino analawirira kukayezetsa m'thupi monga sukuluyo inafunira, ndipo malaya oyera anatsala osasita. Achimwene anagwira simbi okha. Anapita kuntchito kolala ili ndi chidindo chofiirira, atachedwa chifukwa choperekeza ana, mmodzi atavala sokosi zosiyana. Tsiku limenelo ndi pamene anamvetsa kuti kunja ndi kutali.

Kuyambira pamenepo nyimbo inasintha. Kunjako akuti kumazizira mpaka makutu amathothoka. Anthu ake sapatsana moni. Winawake amene iwo ankamudziwa anapita bwinobwino n'kubwerako akulankhula yekha. Nanga anawa, amene anawazolowera azakhali awo, atani? Sukulu za unamwino zili konkuno, angathe kudzayesa ana akakulako. Chabwino ankamvetsera uku akusita, ndipo zinkamupweteka, chifukwa pa zonsezo nkhani ya ana inali yoona. Ankawakonda. Ankaopanso kuzizirako, ndege, ndi chipinda chopanda womudziwa. Masiku ena ankaona kuti n'chapafupi kungoti chabwino, mawu amene sanamukanganitsepo ndi munthu.

Lamulungu lina atatha kudya masana, ana atatuluka, achimwene anakankha mbale n'kukhosomola. Nkhaniyo inali yaikulu, choncho anatulutsa Chingerezi cha suti chija. Analankhula za banja, za magazi amodzi, za malemu bambo amene sakanakonda kuti mwana wamkazi akasochere kutali. Pomaliza anapinda manja n'kufunsa, m'Chingerezi momwemo:

“Ndiye tagwirizana. Supita, eti?”

Chabwino anayang'ana patebulo. Anayang'ana manja ake, amene anali ndi kachipsera ka simbi pachala.

“No,” anatero motsitsa.

Achimwene anapumira m'mwamba, nkhope yonse n'kumasuka.

“Wamva mayi a ana? Ndinkadziwa ine. Mwana woleredwa bwino ameneyu.”

Alamu anaimirira n'kulowa kuchipinda. Kunamveka kukoka mpando, kenako chinthu cholemera chikutsika pamwamba pa wadirobu. Anatulukira akukoka sutikesi yaikulu ya pa ukwati wawo, fumbi lili mbuu, n'kuigoneka pakati pa balaza.

“Nanga ichi n'chiyani?” anafunsa achimwene, Chingerezi chitawathawa. “Sunamve? Wanena kuti no!”

“Ndamva bwinobwino,” anatero alamu akupukuta fumbi ndi kansalu ka mbale. “Mwati sapita, iwo akana. Ine Chingerezi sindichidziwa, koma alamu angawa ndimawadziwa.”

Achimwene anatembenukira kwa mlongo wawo.

“Iwe, no wakoyo ndi wa chinenero chiti?”

Chabwino anamva mawu akale aja akukwera pakhosi, okonzeka kutuluka okha monga mwa masiku onse. Anawameza. Anakumbukira mayi wa magalasi, ndi yesi wolakwika amene amapha munthu. Anadzutsa mutu n'kunena chiganizo chonse, kuti wofunsa asatsale ndi chokayikira.

“Ayi, achimwene. Ndipita.”

Achimwene anayang'ana sutikesi, anayang'ana akazi awo, kenako maso anakagwera pa thebulo lositira limene linali litatsamira khoma.

“Ndiye usanapite,” anatero ndi mawu aang'ono, “undionetseko mmene umasitira kolala.”

Chabwino anaseka misozi ili m'maso.

“Chabwino,” anatero, n'kupita kukalumikiza simbi.